Mwapeza dimba ku Britain? Mvula ya Okutobala si yodzalira

Ngati khonsolo yakupatsani allotment, kamunda kobwereka, mutadikira nthawi yaitali pamndandanda, chinthu choyamba kuiwala ndi chizolowezi chathu choti mvula ikagwa, khasu paphewa. Kwathu mvula ya Novembala imatsegula ulimi, koma kuno ya Seputembala mpaka Novembala imagwera panthaka yomwe yayamba kuzizira, masiku akufupika, ndipo madzi sauma msanga. Madera ambiri, monga London, ali ndi dothi lamakande lomwe limasunga madzi. Mizu ikakhala m'madzi masiku angapo imasowa mpweya n'kuola.

Choncho musalime kapena kuponda nthaka yonyowa. Tengani dothi m'manja mulifinye: likaumbika ngati loumbira mphika, bwererani kunyumba. Mukaliponda limagwirana, ndipo pofika Epulo mudzapeza zibuma zolimba zosabzalika. Ngati kulowa n'kofunika, yalani thabwa muziyenda pamenepo. Luso lathu la mizere ndi lothandiza kwambiri kuno: kwezani dothi masentimita 15 mpaka 20, musiye kangalande m'mbali. Malo opanda mbewu yalanipo makatoni, pamwamba muthire manyowa owolerana kapena masamba ogwa, mvula isakokolole chonde.

Mbatata ya kachewere ndi tomato ndiye zimavutika msanga ndi chiwawu. Matendawa amafala kukakhala chinyezi chambiri masiku awiri otsatizana usiku osazizira kutsika madigiri 10. Mukaona madontho akuda pamasamba, dulani mitengo yonse ya mbatata pansi penipeni, muichotse m'dimba, mudikire milungu iwiri musanakumbe kuti tizilombo ta matendawo tisafike pa mbatatayo. Musaisiye m'nthaka kupitirira pakati pa Okutobala, chifukwa nkhono zopanda chigoba zimaiboola. Kumbani tsiku lopanda mvula, iume maola angapo, muisunge m'matumba a pepala, osati apulasitiki. Tomato wosapsa thyolani akapsere m'nyumba.

Za nkhonozo, dziwani kuti mankhwala a metaldehyde analetsedwa kuyambira Epulo 2022. Ogulitsidwa pano ndi a ferric phosphate, ndipo amawazidwa pang'onopang'ono, osati milu.

Nkhwani ndi bonongwe zimafa usiku woyamba wa chisanu, ndiye thyolani zonse zisanapse nacho, mufutse, musunge mufiriji yoziziritsa kwambiri. Kuyanika mfutso panja kuno n'kungoitana nkhungu. Maungu duleni ndi phesi lake, akhale malo ofunda masiku 10 kuti khungu lilimbe.

Zodzala zilipo ndithu. Adyo amafuna kuzizira, ndiye mudzaleni mu Okutobala kapena Novembala pamwamba pa mzere, motalikirana masentimita 15, nsonga itakwiririka masentimita awiri kapena atatu. Nyemba zazikulu za mtundu wa Aquadulce Claudia zimapirira kuzizira kwa kuno, ngakhale m'makande odikha madzi zimaola, bola kuzifesa m'timiphika. Lepu ndi kabichi zomwe munawokera kale ziphimbeni ndi ukonde, njiwa za kuno sizisiya tsamba. Mukazula kabichi wofota n'kupeza mizu yotupa ngati zibonga, amenewo ndi matenda okonda nthaka yonyowa ndi ya asidi. Amakhala m'dothi zaka zambiri, choncho mizuyo musaiponye pa kompositi, thirani laimu pamalopo, ndipo tsukani nsapato ndi khasu musanapite pamzere wina.