Funsani Amakaniko: Kodi galimoto yosinthidwa ma lifter ikadali ya kufakitale?

FUNSO: Akulu a tsamba lino, ine ndine makaniko ku Ulongué, m'boma la Angónia. Mwana wa mlongo wanga, amene ndikumuphunzitsa ntchito, amakonda kuonera pa foni mipikisano ya ku America ya magalimoto awiri othamanga pa msewu wowongoka. Wandiuza kuti kumeneko anthu amatsutsana za gulu lotchedwa Stock, chifukwa ena amafuna kuika ma lifter okhala ndi kagudumu m'malo mwa aja osalala kunsi amene injini inabadwa nawo. Iye akuti palibe cholakwika malinga valavu ikutseguka mulingo womwewo, koma ine ndikuti ukasintha zimenezo galimotoyo sikhalanso ya kufakitale. Tatsutsana mpaka nsima kuzizira. Tiweruzeni.

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo mulole kuti ndiyambe ndafotokozera owerenga amene sanatsegulepo injini. Camshaft, imene m'mabuku a Chipwitikizi imalembedwa kuti árvore de cames, ndi chitsulo chachitali chokhala ndi zotumphuka zooneka ngati dzira, ndipo chimazungulira kamodzi pamene crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazungulitsa, yazungulira kawiri. Mu injini zakale, monga ya Nissan 1400 kapena 4Y ya Toyota, chotumphukacho chimakankha kachitsulo kotchedwa lifter, lifter n'kukankha kandodo kachitsulo, kandodoko n'kukankha rocker imene imatsegula valavu. Pali zinthu ziwiri zimene camshaft imalamula: kutalika kwa mpata umene valavu imatseguka, ndi nthawi imene imakhala chitsegukire.

Mipikisano imene mwanayo amaonera yambiri mwa iyo imayendetsedwa ndi bungwe la ku America lotchedwa NHRA, limene Wally Parks anayambitsa mu 1951, ndipo magalimoto a gulu la Stock amathamanga mtunda wa mamita 402. Magalimoto amaikidwa m'magulu potengera kulemera kwake ndi mphamvu imene bungwelo linalembera injini ya mtundu umenewo. Apa ndi pamene pagona nkhani, bambo, chifukwa dzina loti Stock limanyenga. Malamulo a gululi amaumirira kuti valavu isatseguke kupyola mulingo wa kufakitale, koma nthawi imene ikhale chitsegukire yasiyidwa m'manja mwa mwini galimoto. Opanga ma camshaft ataona khomo limeneli anayamba kusula zotumphuka zimene zimatsegula valavu mwadzidzidzi, n'kuisunga pamwamba nthawi yaitali, kenako n'kuigwetsa msangamsanga. Kuti valavu isamadumphe pa liwiro lotere pamafunika masipuling'i olimba kwambiri, ndipo katundu yense ameneyo amagwera pa lifter, kachitsulo kosalala kamene kakukhulana ndi camshaft. Choncho galimoto imene inu mukuiteteza kuti ndi ya kufakitale inasiya kale kukhala yotero m'kati mwake.

Lifter yosalala ija kwenikweni si yosalala. Kunsi kwake n'kotukuka pang'ono kwambiri, moti mukagundanitsa ziwiri zatsopano n'kuziyang'anitsa padzuwa mumaona kuwala m'mbali, ndipo chotumphuka cha camshaft nachonso chinasulidwa mopendekeka pang'ono kuti lifter izizungulira ikamagwira ntchito. Ikangosiya kuzungulira, zitsulo ziwirizi zimayamba kudyana. Ndinatsegulapo injini ya bakkie ina ku Moatize imene mwini wake ankadandaula kuti ikugogoda komanso ikulephera zitunda, ndipo ndinapeza chotumphuka chimodzi chitaperepeseka ngati mwala wa mu Revúbuè, lifter yake italowa m'kati ngati supuni, oyilo akunyezimira tizitsulo. Tizitsulo timeneto tinali titafika kale m'mabering'i, ndipo ntchito imene ikanakhala ya tsiku limodzi inasanduka yophwasula injini yonse.

Amene amafuna kusintha malamulo amatchula zimenezi, ndipo sakunama. Amawonjezeranso nkhani ya oyilo. Kuyambira mu 2004, oyilo wofewa wa magalimoto ang'onoang'ono a petulo anachepetsedwa mankhwala a zinc ndi phosphorus otchedwa ZDDP, chifukwa phosphorus amawononga chipangizo choyeretsa utsi cha mu ekizozi, pomwe mankhwala omwewo ndiwo ankateteza zitsulo zokhulana. N'chifukwa chake camshaft yatsopano ya ma lifter osalala imafuna oyilo wapadera, ndipo injini ikangolira koyamba iyenera kukhala mphindi 20 kapena 30 ikuzungulira ka 2,000 mpaka 2,500 pa mphindi, osaisiya ikulira pang'onopang'ono. Lifter ya kagudumu imagubuduzika m'malo mokhula, motero mavuto ambiriwa sakhalapo. Mafakitale eni ake anasamukira komweko: Ford inaika ma lifter a kagudumu mu Mustang ya injini ya malita 5.0 mu 1985, Chevrolet inatsatira pa injini zake za V8 za magalimoto ang'onoang'ono mu 1987, ndipo ngakhale mpikisano wina waukulu wa magalimoto ku America, wa NASCAR, unawalola mu 2015.

Komabe mwana wa mlongo wanuyo walakwitsa ponena kuti mulingo wa valavu ukakhala womwewo ndiye kuti palibe chasintha. Lifter yosalala ili ndi malire ake: chotumphuka chikakhala chotsetsereka kwambiri chimakakanda m'mphepete mwa lifter, ndipo malirewo amadalira kukula kwa lifter. Ya Chevrolet ndi pafupifupi mamilimita 21.4, ya Ford 22.2, ya Chrysler 23. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa pa sipanala, koma kumapatsa mwini Chrysler mwayi wotsegula valavu mofulumira kuposa mwini Chevrolet, ndipo magulu ndi mphamvu zolembedwa zija anazikonza kwa zaka zambiri zinthu zili choncho. Kagudumu kakaloledwa, malire aja amasuntha, wosula camshaft amapeza ufulu watsopano, injini imakoka mpweya bwino, ndipo mwayi umene wina anali nawo umatha usiku umodzi. Munthu amene analowetsa ndalama zake pa injini yotsatira malamulo akale amakakamizika kugulanso camshaft, ma lifter, tindodo ndi masipuling'i kuti asatsalire, ngakhale injini yake inalibe vuto lililonse.

Maganizo anga ndi akuti kagudumu kaloledwe, chifukwa sindiona ulemu uliwonse m'lamulo limene likuchititsa anthu kutaya injini chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Koma kaloledwe pamodzi ndi zinthu ziwiri. Choyamba, kukula kwa lifter kukhale kwa kufakitale ndipo mulingo wa valavu uzipimidwa pa valavu penipeni ndi geji, pakuti lamulo limene woyendera magalimoto sangathe kulipima pabwalo limangolanga anthu oona mtima. Chachiwiri, bungwe liunikenso mphamvu imene linalembera injini zosinthidwazo, ndipo zikapezeka kuti zikuthamanga kwambiri ziwonjezeredwe kulemera. Ndiye pa mlandu wanuwu, bambo, inu mwapambana pa mfundo yoti kusinthako n'kwenikweni, koma mwanayo wapambana pa mfundo yoti sikuyenera kuletsedwa.

FUNSO: Ndili ndi Corolla yakale kuno ku Zóbuè ndipo mnzanga akuti ndiike camshaft ya mpikisano kuti izikwera bwino zitunda za mu msewu wa N7. Kodi n'zoona?

YANKHO: Ayi achimwene, musayerekeze. Camshaft yosunga valavu chitsegukire nthawi yaitali imapereka mphamvu injini ikamazungulira kwambiri, koma imalanda mphamvu ya pansi, imene ndi yomwe mumafuna pokwera chitunda mutanyamula matumba a mbatata. Galimotoyo idzayamba kunjenjemera ikaima, idzamwa petulo wambiri, ndipo mukatsikira ku Tete mwezi wa November muzidzangoyang'ana muvi wa kutentha. Injini ya Corolla ngati 4A-FE ilibenso ma lifter amene tafotokoza pamwambapa, chifukwa ma camshaft ake ali pamwamba ndipo amakankha tizikapu tokhala ndi ma shim, timbale tachitsulo tokonzera mpata wa valavu. Pitani nayo kwa makaniko akapime mpata wa mavalavu ndi timalata topyapyala totchedwa feeler gauge injini itazizira, aone lamba wa timing ngati sanalumphe dzino, ndipo apimenso compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse.