Yankho: Kodi amayi anu asiye warfarin n'kuyamba rivaroxaban?

Mwafunsa ngati amayi anu, omwe valavu (kachitseko kowongolera magazi) ya mtima wawo inawonongeka ndi matenda a rheumatic ndipo mtima wawo umagunda mosokonekera, angasiye warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, n'kuyamba rivaroxaban, mankhwala atsopano a ntchito yomweyo osafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Ndikumvetsa kuti kupita kukayezetsa INR (muyezo wa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane) mwezi ndi mwezi n'kotopetsa, koma chonde asasinthe popanda dokotala wawo.

Funso lanuli ndi lomwe ofufuza anayesa kuyankha pa kafukufuku wa INVICTUS, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anatsata odwala oposa 4,500 a ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo ambiri ankayembekezera kuti rivaroxaban achita bwino chifukwa savuta kumwa. Zinatuluka mosiyana: pakati pa omwe ankamwa warfarin ndi mankhwala ena a gulu lake, imfa zinali zochepa, odwala sitiroko yobwera chifukwa cha magazi oundana analinso ochepa, pomwe kutaya magazi koopsa sikunasiyane kwenikweni.

Vuto limayambira pa valavu ya mitral, yomwe ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima. Ikaphwanyika ndi zipsera n'kupanikizika, magazi amadikha m'chipinda cha kumtunda chakumanzere kwa mtima, n'kuyamba kuundana, ndipo kachibulumwa kakang'ono kakathothoka kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo.

Ngati anawaika valavu yachitsulo, nkhani yosiya warfarin ndi yosakambirananso, pakuti kafukufuku wa 2013 anaonetsa kuti dabigatran, mankhwala enanso atsopano oletsa magazi kuundana, amawonjezera ngozi kwa odwala otere poyerekeza ndi warfarin. Pa ulendo wotsatira, atenge kabuku kolembamo zotsatira za INR kuti dokotala aone ngati mlingo wa warfarin ukufunika kusintha.