Funsani Amisiri: Mapulani ndi Zipangizo za Tindege Touluka

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kuno ku Dedza. Ana a kalabu yathu akufuna kupanga tindege touluka ndithu, osati tongokongoletsa pashelefu. Mapulani tiwapeza kuti? Nanga mtengo wa balsa womwe umatchulidwa paliponsewu tingaulowetse m'malo ndi chiyani? — Mphunzitsi, Bembeke

YANKHO: Aphunzitsi, mapulani musadandaule nawo. Pa intaneti pali Outerzone, komwe kuli mapulani akale masauzande aulere, ndipo pa intaneti pomwepo a Flite Test ali ndi ena a tindege ta foam, pulasitiki wopepuka uja. Poyamba sankhani glider, kandege kopanda injini kongoponya ndi dzanja. Tankhondo tooneka bwino tija tisiyeni kaye, timavuta kuwongola.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi posindikiza. Makina amakonda kuchepetsa chojambula kuti chikwane pa pepala limodzi la A4, ndiye phiko la 45 cm limatuluka la 27 cm, pomwe makulidwe a zipangizo olembedwa papulanipo sanasinthe. Kandege kotere kamalemera kuposa momwe mapiko ake anganyamulire. Muwauze osindikizawo kuti aike pa 100%, pulaniyo igawike pamapepala angapo, inu mukalumikize ndi selotepi. Musanadule kanthu, yezani phikolo ndi rula. Mapulani akale ambiri ali m'mainchi: inchi imodzi ndi 2.54 cm, ndipo mukaona 1/16 dziwani kuti ndi pafupifupi 1.5 mm.

Balsa yambiri imachokera ku Ecuador, ndipo amaikondera kupepuka. Paini wathu wa ku Chongoni amalemera pafupifupi katatu kuposa balsa, choncho phiko lonse la paini ndi kutaya nthawi. Painiyo ntchito yake ndi thunthu la kandege: kamtengo kowongoka kopanda mfundo, 5 mm mbali zonse, kotalika 40 cm. Kalipentala aliyense angakuchekereni pa zotsala. Nsungwi youma yoseteka mpaka 2 mm ndi yabwino kulimbitsira kutsogolo kwa phiko. Yaiwisi imapindika ikamauma. Mapiko enieniwo dulani pa foam yoyera ya timabokosi tonyamulira chakudya, kapena chekani mopyapyala ija imabwera m'makatoni a TV. Mkati mwa phesi la chimanga ndi mopepuka zedi koma mumathyoka msanga, ndiye musaikepo katundu.

Ngati intaneti yavuta, miyeso iyi ikukwanirani. Phiko 45 cm m'litali, 8 cm m'lifupi. Mchira wogona 16 cm ndi 5 cm, woimirira 5 cm ndi 5 cm. Phiko likhale 10 cm kuchokera kumphuno. Lidule pakati, mulumikizenso nsonga iliyonse itakwera 4 cm, looneka ngati V wotambasuka. Kukwera kumeneku ndi komwe kumabweza kandege kakapendekeka. Phiko lathyathyathya limangozungulira n'kugwera mbali.

FUNSO: Kanga kakauluka kamakweza mphuno, kenako n'kugwa chamutu. Ndasintha mapiko koma palibe chasintha. — Mnyamata wa Fomu 2, Lizulu

YANKHO: Achimwene, mapikowo alibe mlandu. Kandege kanu kalemera kumbuyo. Kanyamuleni ndi nsonga za zala ziwiri pansi pa phiko, pamalo a gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo kwa phikolo. Pa phiko la 8 cm ndiye kuti pafupifupi 2.5 cm. Pamenepo kayenera kukhala chogona, mphuno itangoweramako pang'ono. Mchira ukatsika, matani dongo kapena mangani kamsomali kumphuno, pang'onopang'ono, mukuyesa. Kakayamba kulunjika pansi ngati mwala, mwaonjeza, chotsaniko.

Onaninso kaponyedwe. Anyamata ambiri amaponya ngati akugenda mango, mwamphamvu n'kuloza kumwamba. Kankhani mofatsa, mphuno italoza pansi pang'ono, moyang'anana ndi mphepo. Kopangidwa bwino kamayenda mamita 6 kapena kuposa kuchokera paphewa. Ndipo mwera wa mu June ndi July si woyesera kandege ka magalamu 25; dzukani m'mamawa kusanayambe kuomba, pabwalo la udzu.

Chinanso choti a kumapiri kuno adziwe: tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo kuposa wa kunyanja. Kandege kamafunika liwiro loonjezera kuti kayandame, n'chifukwa chake galamu iliyonse yosafunikira muichotse. Penti makamaka. Ngati mukufuna mtundu, lembani ndi maka.

FUNSO: Ndinathira supa guluu pa foam, inasungunuka. Ndigwiritse uti? — Mayi wothandiza mwana wake, Ntcheu

YANKHO: Mayi, supa guluu ndi guluu wa nsapato uja onse amadya foam. Tengani guluu woyera wa akalipentala. Pakani wochepa kwambiri, gwirizitsani ndi mapini, musiye usiku wonse, chifukwa pa foam amachedwa kuuma. Poumitsa, ikani mabokosi a machesi pansi pa nsonga za mapiko kuti mbali zonse zikwere mofanana, ndipo yang'anani kuchokera kumbuyo ngati mchira uli molunjika ndi phiko guluuyo asanagwire.