Yankho langa kwa azakhali pa zithunzi za ku Istanbul zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupa, koma kulemba kundichedwetsa, ndiye ndingoyankhula. Amene bandulo yakutherani mudzamvera mawa, pepani, uthengawu ukhala wautali.

Mwafunsa kuti, iwe Lachinayi usiku umalira pafoni kuti msonkhano wakuvuta, nanga bwanji Lachisanu ukuoneka pazithunzi mano onse pamtunda pakati pa mizikiti, zoona ndi ziti? Mwawonjezanso kuti munthu wotopa amagona, sazungulira tauni. Hahaha. Azakhali, zonse ziwiri n'zoona. Dikirani ndilongosole.

Paja amene amayenera kuyankhula pamsonkhanopo ndi abwana, ine ndinangobwera ngati wonyamula mapepala. Lachitatu usiku ndikulandira uthenga woti ndege yawasiya, uyankhula ndiwe. Tulo sindinatione. M'mawa ndakwera pansanja, holo yadzaza, laputopu yanga n'kukana kugwirizana ndi makina awo oonetsera zithunzi pakhoma. Ine chilili, mnyamata wa zamagetsi akusinthasintha mawaya, thukuta lili kamukamu. Zitatheka, zithunzi zinatuluka zopindika, manambala ena odukaduka. Pamapeto bambo wina wa imvi anaimirira n'kundifunsa za nambala ina yomwe inali m'lipoti la abwana, yomwe ine ndinali ndisanaiwerengepo. Zimene ndinayankha, ngakhale mwini wakene sindinazimve. Ndinasowa polowera. Pamene ndinkakuimbirani paja n'kuti nditangotseka chitseko cha chipinda.

Ndiye Lachisanu maganizo anga anali ofanana ndi anuwo: kutseka makatani n'kugona tsiku lonse. Koma vuto lake ndi ili, azakhali. Thupi limagona, koma mutu umangobwereza funso la bambo uja. Ndikatseka maso, bambo uja waimirira. Ndikatembenuka, waimiriranso. Cha m'ma 8 koloko ndikumva kugogoda. Anzanga awiri, mayi wa ku Kenya amene tinadziwana pamaphunziro ena zaka zapitazo, ndi mtsikana wa konkuno amene amagwira ntchito yofanana ndi yanga. Sanandifunse n'komwe ngati ndikufuna. Anangoti vala nsapato zafulati, tenga mpango, tiyeni.

Tinakwera tram, kasitima kamene kamayenda mumsewu pakati pa magalimoto, n'kukatsikira ku Sultanahmet, komwe kuli mzinda wakale. Mwa njira, achimwene, mwalemba kuti ndili ku likulu la Turkey. Ayi ndithu, likulu ndi Ankara kuyambira 1923. Istanbul ndi mzinda waukulu kuposa yonse, inde, ndipo kale unkatchedwa Constantinople, koma boma lili ku Ankara. Ndakukonzani pagulu, mundikhululukire.

Chithunzi chomwe mwati ndi mzikiti wofiirira chija ndi Hagia Sophia. Eee, azakhali. Nyumba imeneyo anaimanga ngati tchalitchi, anamaliza mu 537, nthawi ya mfumu Justinian, ndipo ntchito yonse sinakwane zaka 6. Kwa zaka pafupifupi 1,000 panalibe tchalitchi china chachikulu kuposa chimenecho. Mu 1453 mfumu ya Aturuki, Mehmed II, atalanda mzindawu anaisandutsa mzikiti. M'zaka za m'ma 1930, nthawi ya Atatürk, pulezidenti woyamba wa Turkey, inakhala nyumba yoonetseramo zinthu zakale, kenako mu 2020 anaibwezeranso kukhala mzikiti. Ndiye mukalowa mumaona zonsezi pamodzi. Pakhoma pali zithunzi za Yesu ndi Mariya zopangidwa ndi timiyala ting'onoting'ono tagolide, ndipo chapafupi pomwepo palendewera zimbale zikuluzikulu zozungulira zolembedwa m'Chiarabu dzina la Allah ndi la Muhammad. Mpango uja ndi pamene unagwira ntchito, chifukwa amayi salowa mutu uli pamtunda.

Alendo amatidutsitsa m'khonde la m'mwamba, pansi ndi pa opemphera. Denga lake lili ngati mphika waukulu wovundikira, kuchoka pansi kufika pamwamba ndi mamita oposa 55, ndipo m'munsi mwake mwazungulira mawindo, moti kuwala kukamalowa limaoneka ngati silinatsamire pa chilichonse. Ndili kakasi choncho, mnzanga wa konkuno uja anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti, ukudziwa kuti denga ukuliyang'anali si loyamba? Loyamba linagwa mu 558, zivomezi zitaligwedeza, patangopita zaka 21 chitsegulireni. Akatswiri awiri amene analikonza, Anthemius ndi Isidore, anali anthu ozama pa masamu, koma linagwabe. Anachita kuitana Isidore wina wamng'ono, wachibale wa woyamba uja, n'kulimanganso lalitali kuposa kale, anamaliza mu 562. Ndiye akuti, iwe zako zagwa pamaso pa anthu a muholo imodzi, awa zawo zinagwa mfumu ili moyo. Azakhali, ndinaseka mpaka mlonda anatiyang'ana ndi diso lofiira. Kanali koyamba kuseka chichokereni pansanja paja.

M'khonde lomwelo muli kanthu kena kamene kanandikomera kuposa golide yense. Pamwala wotsamirapo pali zilembo zokandakanda, za anthu a kumpoto kwa Ulaya aja otchedwa ma Viking. Zambiri zinafufutika, koma dzina limawerengeka, Halfdan. Munthu anatopa ndi kuima m'tchalitchi zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, n'kutenga kachitsulo kulemba dzina lake ngati mwana wa sukulu padesiki. Lero anthu akuima pamzere kuti ajambule. Kuipa kwa khalidwe nako kumakalamba n'kusanduka mbiri, hahaha.

Mzikiti wina uja wa nsanja 6 ndi wa Sultan Ahmed, ambiri amati Blue Mosque chifukwa cha matailosi a buluu m'kati. Tinafika nthawi ya mapemphero itayandikira, ndiye tinangovula nsapato, kulowa, kuyang'ana m'mwamba, n'kutuluka. Pabwalo lapafupi pali chipilala chamwala chosongoka chochokera ku Iguputo, cha Farao Thutmose III, chomwe anadzachiimika pamenepo mu 390. Pamene ankachiimika n'kuti chili kale chinthu chamakedzana. Ine ndinangochijambula n'kudutsa, miyendo inali itayamba kudandaula.

Koma malo amene anandichiza kwenikweni ali pansi pa nthaka, ndipo chithunzi chake n'chamdima chija mwati sichikuoneka. Amati Yerebatan, kapena Basilica Cistern. Ndi thanki ya madzi, azakhali, thanki basi, ya nthawi ya Justinian yemweyo, yosungira madzi a kunyumba ya mfumu. Mumatsika masitepe, phokoso la mumsewu n'kuzimiririka, kamphepo kozizira n'kukulandirani. Nsanamira zamwala 336, iliyonse yotalika pafupifupi mamita 9, zaima m'mizere m'madzi, ndipo chomwe mumamva ndi madontho okha, tho, tho, tho. Kumapeto kwake nsanamira ziwiri zakhazikika pa mitu yosema ya Medusa, mkazi wa m'nthano za Agiriki wa tsitsi la njoka. Mutu wina anaugoneka cham'mbali, wina anauzondotsa. Zikuoneka kuti amisiri anangoitola pa nyumba zina zakale n'kuigwiritsa ntchito ngati mwala wochirikizira. Ndipo malowa anadzaiwalika kwa zaka zambirimbiri, mpaka m'zaka za m'ma 1540 pamene Mfalansa wina, Petrus Gyllius, anamva kuti anthu a m'deralo amatunga madzi, mwinanso kugwira nsomba, kudzera m'mabowo a pansi pa nyumba zawo. Tangoganizani, kukhala pamwamba pa chinthu chotere n'kumangoti tili ndi chitsime chabwino.

M'menemo ndi momwe ndinalimba mtima kufunsa mnzanga wa ku Kenya uja, monong'ona, kuti tandiuza zoona, dzulo ndinachititsa manyazi bwanji? Anandiyang'ana modabwa. Akuti za laputopuzo aliyense anaona kuti vuto ndi la makina a muholo, chifukwa munthu wina m'mawa womwewo zinamuchitikiranso. Za bambo wa imvi uja akuti anafunsa mafunso ovuta kwa aliyense amene anayankhula, mpaka anthu anayamba kusekera m'manja akaimirira. Ine zimenezo sindinazione, chifukwa tsiku lonse maso anali pa mapepala anga. Sanandinamize kuti ndinayankha bwino, ayi. Anati yankho lija linali lofooka, ulembe imelo kwa bamboyo Lolemba umupatse nambala yolondola, nkhani yatha. Ndiye mwaona, azakhali, ndikanagona kuchipinda mawu amenewa ndikanawamva kwa ndani? Pilo sayankha.

Madzulo tinakwera boti ku Eminönü kuwolokera ku Kadıköy. Khadi yomweyo ya tram ndi imene mumalipirira boti, ndipo pa mphindi 20 ndi kanthu mwachoka ku Ulaya mwafika ku Asia, mzinda womwewo. Mubotimo akugulitsa tiyi m'timagalasi ting'onoting'ono, anthu akuponyera mbalame zam'nyanja zidutswa za buledi, mbalamezo zikuwakha m'malere. Dzuwa likulowa kuseri kwa mizikiti, kenako mizikiti yonse inayamba kuitanira mapemphero, uwu ukayamba uwo n'kulandira. Pamenepo ndinazindikira kuti papita maola angapo osamuganizira bambo uja. Chithunzi chomwe ndikuseka kwambiri chija anandijambula pamenepo, mbalame itamulanda mnzanga buledi m'manja asanaponye n'komwe.

Za ndalama musadandaule, zolowera ku Hagia Sophia ndi kuthanki kuja ndinalipira za m'thumba mwanga, osati za kuntchito, ndipo kapeti sindinagule ngakhale anatiitanira m'mashopu kangapo konse, aliyense akuti m'bale wake ali ndi sitolo pakona pomwepo. Amphaka mwawafunsa aja ndi a mumsewu, alibe mwini mmodzi, anthu onse amawadyetsa, n'chifukwa chake ali onenepa chonchija. Sindinamugwire, musaope.

Pano ndili pabwalo la ndege, miyendo yatupa, chala chaching'ono chatuluka thuza. Imelo ya bambo uja ndailemba kale theka, ndimalizitsa ndikatera. Aaa, ayamba kuitana ndege yathu. Amayi muwauze kuti mpango wawo uja ndaupeza, wabuluu monga ananenera. Zithunzi za m'thanki zowala bwino zili m'foni ya mnzanga, akanditumizira ndiziponya pompano. Tionana, azakhali.