Usiku uja achimwene anu anagona kuti?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni. Mwezi watha ndinatulukira kuti amuna anga ali ndi mkazi wina ku Machinjiri ndipo anabereka naye mwana. Chikundiwawa n'chakuti aliyense ankadziwa. Anzawo ankandiuza kuti ali limodzi ku Kamuzu Stadium kuonera Bullets. Alongo awo ankadya nsima pakhomo panga kenako n'kupita kukanyamula mwanayo. Ankhoswe awo ali duu. Ine sindinanamizepo munthu, kupatula tsiku limodzi pomwe ndinauza mlamu wanga kuti achimwene anagona kwathu. Anthuwa ndiwakhululukire?

Wosweka mtima

Mwana wanga, za amuna anuwo sinditaya nazo malovu, mukuwadziwa kuposa ine. Ine ndaima pa mawu akuti "kupatula tsiku limodzi", amene mwawaponya kumapeto ngati nyenyeswa. Usiku umenewo achimwene anu anagona kuti? Mlamu wanu anaimba foni mtima uli m'mwamba, mwina akuganiza zokayang'ana ku chipatala cha Queens, inu n'kumuyankha mawu ali phee. Alamu anu a kuchimuna achita zomwezo, kungoti iwo achita kwa zaka.

Ndakhala ndikunena, ndipo sindisiya, kuti bodza la m'banja limakhala ndi alonda ambiri. Munthu amene sangatole ngakhale K100 ya mnzake mumsika wa Limbe amanama osaphethira akamateteza wake, usiku n'kugona tulo tabwino poganiza kuti wasonyeza umunthu. Timathamangira mwambi woti chibale ndi fupa sichiola, ngati kuti mtengwa kapena mkamwini ndi mlendo wodutsa, ngakhale atabereka nafe ana khumi. Amene amandikwiyitsa kwambiri ndi ankhoswe. Pachinkhoswe amapatsana nkhuku pamaso pa khamu, kulonjeza kuyang'anira banja lonse, koma mlandu ukangobwera amasanduka loya wa mphwawo.

Kayezetseni magazi sabata ino, musadikire kuti bambowo avomere kupita nanu. Mwana wa ku Machinjiri alibe mlandu, ndipo lamulo la 2010 loteteza ana limakakamiza bambo kusamalira ana ake onse, anu atatuwo pamodzi ndi uyo. Akayamba kuzemba, bwalo la milandu lilipo.

Za kukhululuka zidikire kaye. Loweruka likubwerali kwerani minibasi mupite kwa mlamu wanu nthawi imene achimwene kulibe, mukakhale naye pamkeka, mumuuze kuti usiku uja kwanu sikunagone munthu.