Funsani a Nabanda: Bambo agulitse sitandi kuti ndikachite masters ya UX?

Achemwali a Nabanda,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Dzivarasekwa, mu Harare muno. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, koma bambo ndi ine tinabadwira konkuno. Ndinamaliza digiri ya zamakompyuta mu 2021, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala pa kampani ina yaing'ono m'tauni, kukonza mawebusayiti ndi kujambula masikirini a maapu pa pulogalamu ya Figma. Abwana amanditchula kuti UX designer, kutanthauza wokonza maapu ndi mawebusayiti kuti akhale osavuta kwa owagwiritsa ntchito, koma mumtima ndimadziwa kuti ndimangokongoletsa. Ndapeza malo pa yunivesite ina ku England, masters ya chaka chimodzi, koma sikolashipu ndilibe. Bambo akuti agulitse sitandi yawo, malo omangapo nyumba a ku Epworth. Amayi sakugona nayo tulo nkhaniyi. Mnzanga wa kuntchito akuti masters ya UX n'kutaya ndalama chifukwa zonse zili pa YouTube. Ndimvere ndani?

Chisomo, Dzivarasekwa

Chisomo mng'ono wanga,

Sitandiyo isiyeni ili apo. Ndayambira pamenepo dala kuti amayi agone lero, zinazo tikambirane mitima ili m'malo.

Tiwerengere limodzi. Fizi ya mlendo pa masters yotere ku England kawirikawiri imadutsa mapaundi 20,000, ndipo m'mayunivesite otchuka a mu London imapitirira 30,000. Apo sunadye, sunalipire chipinda, sunagule tikiti ya ndege, visa, ndi ndalama ya chipatala imene amalipiritsa pamodzi ndi visayo. Ganyu amakulola maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Ndalama ya sitandi ingathe iwe usanaione Khirisimasi, kenako n'kuyamba kuvutitsa amalume a ku Joni pafoni. Ndawaona ana a anthu akuchezera usiku wonse kusamalira okalamba, m'mawa n'kumasinza m'kalasi imene bambo awo anaigulitsira malo.

Mnzako wa YouTube uja sakunama kwenikweni. Figma waidziwa kale popanda pulofesa. Kosi ya UX ya Google, imene ili pa webusayiti ya maphunziro ya Coursera kuyambira 2021, munthu amaimaliza m'miyezi ingapo ali pampando wa kunyumba kwawo, bola magetsi ndi data. Ngati chimene ukufuna n'kudziwa kuyala mabatani mooneka bwino, ndege siikufunika. Koma m'kalata yako muli liwu limodzi limene landigwira: "ndimangokongoletsa". Inenso ndinali pomwepo, ndipo amene ananditsegula m'maso ndi gogo wina wa ku Mufakose.

Munali mu 2016. Ndinapatsidwa ntchito yokonza apu ya bungwe lina la maliro, aja mabungwe amene makolo athu anayambitsa kuti munthu akatisiya kuno kuchilendo aikidwe mwaulemu ngati ali kwawo. Cholinga chinali chakuti mamembala azisonkha ya pamwezi pafoni m'malo modikira Lamlungu. Ndinatha milungu itatu ndikusankha mitundu ndi zilembo. Tsiku loyesa ndinapita kwa gogoyo, msungichuma wa bungwelo kwa zaka zambiri, amene kope lake silinasowepo ngakhale senti imodzi. Tinakhala pakhonde. Foni inali ya mdzukulu wawo, sikirini yosweka pakona, dzuwa likuwomba pagalasi moti zilembo zanga zotuwa zija, zimene zinkakongola kwambiri mu ofesi, sizinkaoneka n'komwe. Anaigwira ndi manja awiri ngati mbale ya alendo. Anasankha dzina lawo, analemba ndalama, zonse bwinobwino. Atafika pa batani lobiriwira lolembedwa "Tumizani", chala chinaima m'malere. Chinakhala pamenepo, osatsika.

"Ndikadina apa zipita kwa yani? Nanga zikasochera ndikamfunsa ndani?"

Analowa m'nyumba kukatenga magalasi. Pobwera anapeza apu itawatulutsa, chifukwa ine mwanzeru zanga ndinaikonza kuti izitseka ikakhala mphindi imodzi osaigwira. Anayambiranso. Kachitatu anandibwezera foni n'kunena kuti, "Zili bwino kwambiri mwanangu, wagwira ntchito. Vuto ndi ine, sukulu sindinapite nayo patali."

Ndikanapita ndi fomu yofunsa ngati apu aikonda, ndikanachonga kuti inde n'kubwerera ku ofesi ndikuvina. Kwathu kuno wamkulu sanyoza ntchito ya mwana wa mnzake pamaso pake, ndipo munthu wobwera ndi laputopu amapatsidwa ulemu umene sanaugwirire ntchito. Pakamwa pankati zili bwino, chala chikukana. Gogoyo ankafuna zimene kope lawo linkawapatsa: dzina la wolandira, siginecha, ndi tsamba loti mawa akhoza kulitsegula n'kuloza. Tinawonjezera sikirini imodzi yonena kuti mukupereka ndalama zakuti, ku bungwe lakuti, za mwezi wakuti, ndipo risiti ibwera pa meseji. Chala chinatsika.

Masters yabwino imakuphunzitsa zimenezo mwadongosolo, osadikira kuti uchite manyazi pakhonde la munthu. Umaphunzira kufunsa popanda kumuika munthu mawu m'kamwa, kusanthula zimene waona, kuwerenga kafukufuku wa ena n'kuzindikira wabodza, ndiponso kukhala chete munthu akuvutika ndi chinthu chimene wapanga iwe, chomwe kwa ine chinali chowawa kuposa mayeso onse. Umapezanso anzako a m'kalasi amene amaing'amba ntchito yako sabata iliyonse mopanda chisoni, ndipo amenewo pa YouTube palibe. Ine ndinapita chaka chotsatiracho, ndi ndalama za sikolashipu, ndipo sindidandaula. Komabe ndisakubisire: zitsanzo zambiri za m'kalasi zinkaganizira munthu amene ali ndi foni yakeyake, khadi la kubanki, ndi magetsi osazima. Nditafotokoza kuti kwathu anthu amagula tomato podina *151# pafoni, ena anandiyang'ana ngati ndikusimba nthano. Zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Mufakose n'zimene zinandidyetsa kumeneko, mpaka pa kafukufuku wanga womaliza.

Sunanditchulire kuti kosi wapezayo ndi ya mtundu wanji, ndiye uifufuze, chifukwa dzina limodzili limabisa zinthu ziwiri. Ina imakhala pansi pa dipatimenti ya makompyuta kapena ya zamaganizo a anthu, imatchedwa HCI (maphunziro a mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta), ngati ya ku UCL mu London kapena ya ku Carnegie Mellon ku Pittsburgh. Imeneyo ndi ya kafukufuku, kuyesa ndi ziwerengero, ndipo digiri yako ya makompyuta ikutsegulira khomo mosavuta. Ina ili m'masukulu a design, ngati Umeå ku Sweden kapena Design for Interaction ya ku Delft ku Netherlands, zonse za zaka ziwiri. Kumeneko tsiku limathera mu situdiyo, kudula makatoni, kulumikiza mawaya, ndipo polowa amayang'ana kwambiri portfolio, zitsanzo za ntchito zimene unachitapo.  Kwa munthu wotopa ndi kukongoletsa, ine ndingasankhe yoyamba ija. Tsegula mndandanda wa maphunziro ake: ngati mulibe kosi ya njira za kafukufuku ndi pulojekiti yochita ndi anthu enieni, koma mwangodzaza mayina a mapulogalamu a pakompyuta, dziwa kuti akufuna kukugulitsa YouTube yomweyo pamtengo wa sitandi.

Ndipo usamangoyang'ana kutsidya la nyanja. Ku University of Cape Town, malemu Gary Marsden, amene anamwalira mu 2013, anatha zaka zambiri akuphunzitsa ndi kufufuza za kakonzedwe ka zinthu za pafoni zoti zigwire ntchito kwa anthu ngati gogo wa ku Mufakose, ndipo ntchito yamtunduwo ikupitirira kumeneko. Masters zambiri za ku South Africa ndi za kafukufuku, kutanthauza kuti uyenera kupeza kaye mphunzitsi wovomera kukuyang'anira. Umulembere imelo yaifupi yonena funso limene likukusowetsa mtendere. Satifiketi yako idzafunika kudutsa ku SAQA, bungwe la ku South Africa lounika masatifiketi, ndiye uyambe msanga. Ubwino wake, maliro akagwa kunyumba umakwera basi n'kudzatsikira pa siteshoni ya Roadport mu Harare.

Tsopano za ndalama za eni. Lembera yunivesite ija uwapemphe akusungire malo mpaka chaka chamawa, ambiri amalola. Sikolashipu ya Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna maola 2,800 a ntchito, omwe zaka zako zitatu zakwanitsa kale, ndipo imafuna ubwerere kwanu kwa zaka ziwiri ukamaliza. Amatsegula cha mu August. Beit Trust, imene ili ndi ofesi konkuno ku Harare, imathandiza nzika za Zimbabwe, Zambia ndi Malawi zokha, pa mayunivesite osankhidwa a ku Britain ndi South Africa. Mandela Rhodes ndi ya kuphunzira ku South Africa ndipo imalekezera pa zaka 29, choncho usazengereze. Palinso Mastercard Foundation pa mayunivesite ngati Cape Town ndi Edinburgh. Ya Commonwealth usataye nayo nthawi: Zimbabwe inatuluka m'bungwelo mu 2003, ndipo ngakhale utapeza pasipoti ya Malawi kudzera mwa makolo, amafuna munthu wokhazikika m'dziko la membala.

Pamenepa ndikufunse chinthu chimene ana a ife obwera timachikumbukira mochedwa: chitupa chako chalembedwa chiyani? Malamulo a dziko a 2013 anavomereza kuti obadwira kuno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC ndi nzika, koma alipo ambiri akuyendabe ndi zitupa zakale zolembedwa alien chifukwa sanapite kukasintha. Mafomu onsewa amafunsa unzika patsamba loyamba. Konza zimenezo mwezi uno, pasipoti ikhale m'manja usanalipire mayeso a Chingerezi a IELTS.

Chaka chodikirachi ndicho chidzakulowetse. Oweruza a sikolashipu aona masikirini okongola ambirimbiri a maapu ongopeka oitanitsira khofi, atopa nawo. Iwe pita ku Mbare Musika mbandakucha, pempha chilolezo kwa mayi wogulitsa masamba, ukhale pambali pake maola atatu. Ona mmene amalandirira madola, ZiG (ndalama ya Zimbabwe) ndi ndalama ya pafoni nthawi imodzi, amene amamusungira foni manja akanyowa, ndi chimene amachita meseji yotsimikizira ikachedwa kasitomala ali chiimire. Jambula njira ina papepala, ukaiyese ndi anthu asanu. Katswiri wa UX Jakob Nielsen anaonetsa kalekale kuti anthu asanu amakuvumbulira mavuto ambiri a chinthu, ndiye usadikire ndalama za kafukufuku wamkulu. Yesanso kulemba menyu ya USSD (ija imatuluka pafoni ukadina manambala ngati *151#) m'Chichewa ndi m'Chishona: uthenga umodzi sudutsa zilembo 182, mawu athu ndi aatali kuposa a Chingerezi, ndipo ukachedwa kuyankha imaduka. Imeneyo ndi ntchito ya design yovuta kuposa mitundu ya mabatani. Mu portfolio uikemo zimene unalakwitsa poyamba ndi chimene chinakusintha maganizo. Nkhani zitatu zotere zakwana.

Bambo uwathokoze mogwada, chifukwa si bambo aliyense angaike malo ake pamzere chifukwa cha mwana wamkazi. Uwauze kuti ngati akufuna kuthandiza, alipire IELTS ndi pasipoti.

A Nabanda,

Mwana wanga wamwamuna ali ku Cape Town, akuti akuchita masters ya UX. Anthu kutchalitchi akandifunsa ndimangoti zamakompyuta. Kodi ndi udokotala wa makompyuta kapena ndi kujambula? Ndiwauze chiyani?

Bambo Phiri, Highfield

Bambo Phiri,

Mukagula magetsi a ZESA, tokeni ija imakhala ndi manambala 20. Mukaiona papepala, manambalawo amawagawa anayianayi. Tayesani kuwalemba onse mondondozana popanda mpata, kenako muwalowetse pa mita madzulo mutayatsa tochi, muone kuti mulakwitsa kangati. Alipo munthu amene anaganizira maso anu, chala chanu ndi mdimawo, n'kunena kuti tiwagawe. Mwana wanu akuphunzira kukhala munthu ameneyo, pa mafoni, pa makina a kubanki, pa mafomu a kuchipatala. Dzina lakuti user experience, mwachidule UX, analitchukitsa ndi Don Norman ali ku Apple cha mu 1993, ndiye musadabwe kuti anzanu a kutchalitchi sanalimvepo. Ndi laling'ono kuposa ana awo ena.

Akakufunsani Lamlungu likubwerali, muwauze kuti mnyamata akuphunzira kukonza makina kuti asamapusitse anthu akuluakulu. Ndipo akabwera pa holide, mumupatse foni yanu, mumuonetse pamene pamakukanikani potumiza ndalama kumudzi, koma musamuuze kuti vuto ndi inu.