Ndi msampha ndithu, koma lamulo limaulola

Achemwali, mwafunsa ngati apolisi amaloledwa kutuma mwana wa zaka 16 kudzagula mowa m'sitolo yomwe mumagwira ntchito ku Leeds. Inde, amaloledwa. Ku England ndi Wales, Licensing Act ya 2003 imaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kugula mowa, koma ndime 149 imamuchotsera mlandu mwanayo ngati watumidwa ndi wapolisi kapena a Trading Standards, ofesi ya khonsolo yoona za malamulo a malonda. Iwo amati test purchasing.

Mwana amalowa, kutenga chitini cha mowa, n'kuchiika pakauntala. Wapolisi wovala wamba amakhala chapafupi, akunamizira kusankha buledi. Mukangolandira ndalama, basi wapolisi uja watulukira. Chowawa n'chakuti faindi ya £90 imagwera inu amene munagulitsa, osati abwana. Abwana zawo zimabwera sitolo ikagwidwa kawiri m'miyezi itatu: akhoza kulipitsidwa faindi yaikulu kapena kuimitsidwa kaye kugulitsa mowa.

Ena amati si bwino kugwiritsa ntchito ana chonchi. Ine sizindivuta kwenikweni, chifukwa makolo amayamba avomera, ndipo mowawo mwana saulawa n'komwe.

Inu gwiritsitsani Challenge 25. Aliyense wooneka wosakwana zaka 25, mufunseni pasipoti, laisensi yoyendetsera galimoto kapena khadi yotsimikizira zaka yotchedwa PASS, ngakhale mzere utalike mpaka pakhomo. Ndevu zisakupusitseni, anyamata akuno amakula msanga ngati chimanga chothira feteleza kawiri. Wakwiya, akwiye, malipiro a tsikulo ndi anu.